Mmene a kwawo kwa Tamala anandionera

Anzanga, manyazi akanakhala opha, bwenzi mutandiika kalekale ku Mlare, ku Karonga. Ndinali mphunzitsi watsopano wochokera ku Dowa, ndipo Loweruka lake ndimayenera kukaonekera kwa makolo a Tamala, mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira. Jekete ndinali nditasita kale, tsitsi nditameta bwinobwino monga linkafunira lamulo masiku amenewo. Chotsala chinali chimfine basi.

Chimfinecho chinali chitandigwira sabata ndi theka. Poyamba ndinkachita zoyenera, kumwa madzi ambiri, tiyi wa mandimu, kugona. Koma thupi litayamba kutentha, m'chifuwa mukulasa ndikamapuma, mphunzitsi mnzanga Gondwe anati ndipite kuchipatala. Ine? Kuti mbiri ifike kuchikazi yoti mkamwini ndi wodwaladwala? Ndinakana, nkuti ndifukiza ndekha.

Lachisanu masana ndinawiritsa masamba a bulugamu, ndipo poti ndinkafuna kuchira msanga ndinaponyamo tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja. Nzeru za munthu wophunzitsa ana a eni zimenezo! M'nyumba munkatentha, Karonga mukumudziwa, ndiye ndinakakhala pakhonde la kuseri, kabudula wamkati yekha, nkudzifunditsa bulangete pamodzi ndi mphikawo. Mayo ine! Maso kuwawa, mamina chuchuchu, kuyetsemula kosalekeza, koma ndinalimbikira ndithu, ndikuti ndiye kuti mankhwala akugwira.

Kenaka ndinamva "Odi!" Ndinayesa ndi Gondwe.

"Bwera kuno, Gondwe," ndinakuwa ndili m'bulangetemo, "koma usakaulule kwa a Tamala. Akuti kuli amalume ake ena ovuta kwabasi, amayeza mkamwini ngati akugula ng'ombe!"

Bulangete linakwezedwa pang'onopang'ono. Si Gondwe. Bambo wamkulu, chipewa m'manja, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku kabudula.

"Monire, asambizgi, inu aphunzitsi. Ine ndine sibweni wa Tamala, malume wovuta uja. Nangwiza kuwona ng'ombe."

Kodi munthu umathawira kuti utavala chonchi? Ndinayesa kugwada kuti ndipereke ulemu, bondo nkugunda mphika, madzi a tsabola khuthu pa nsapato zawo. Ndinati basi, Tamala wapita.

Iwo sanaseke. Anandigwira pamphumi, nkumvetsera kapumidwe kanga. "Ichi si chimfine yayi, ichi ndi chibayo. Chimfine chikapitirira sabata, thupi moto, chifuwa kulasa, munthu sakhala ndi mphika. Kwerani njinga."

Anangondilola kuvala buluku ndi kutenga khadi la chipani, nkundipalasa pa kaliyala mpaka kuchipatala, ana asukulu akuthamangira m'mbuyo kuti "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Kumeneko namwino, mayi wojintcha wosaseka, anatulutsa jakisoni nkuti, "Tsitsani buluku, tembenukani." Ndili chiweramire choncho, ndinamva amalume aja akunena pakhomo, "Mulase makora, ankhazi, ndi mkweni winu uyo," ndiko kuti andibaye bwinobwino, ndine mkamwini wawo.

Azakhali ake a Tamala! Iwo amene ndinasitira jekete!

Ndinachira, ndipo a kwawo anandipatsa Tamala, ati munthu wolimbana ndi kambuzi chifukwa cha mwana wawo sangamuthawe. Koma tsiku lokaonekera, lomwe analisuntha kuti ndiyambe ndachira, nditagwada ndi jekete langa, azakhali aja anangoti, "Uyu musamuonetse kwa ine, ndinamuona kale, nkhope yokha ndiyo yachilendo."

Chiyambire tsikulo, chimfine chikangodutsa sabata ndimapita ndekha kuchipatala, wapansi, nditavala, ndipo ndimayamba ndafunsa kuti namwino wa lero ndi wa kwa yani.