Loweruka limene ndinamasula zilombo pa komboni

Mpaka pano foni yanga ikalira kawiri motsatizana, ndimadumpha pomwe ndakhala. Mkazi wanga akuti ndicho chilango chondiyenera. Ine ndikuti munthu sangazunzike chonchi chifukwa cha chala chimodzi chimene chinali ndi girisi.

Timakhala pa famu ya fodya kufupi ndi Macheke, mu komboni imene agogo anga anafikira atachoka kumudzi, ndipo ine ndimayendetsa thirakitala. Netiweki yamphamvu kwathu imagwira malo amodzi okha, pa chulu cha kuseri kwa mabani ochizira fodya. Tikaweruka, achinyamata (kuphatikizapo ife abambo a ana awiri amene sitinavomerebe kuti tinakula) timasonkhana pamenepo kusewera gemu ya pafoni yomenyanitsa zilombo. Umasankha zako, mnzako zake, n'kuzilowetsa m'bwalo. Zako zikafa zonse, waluza. Anandisankha kukhala tcheyamani wa ligi yathu, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa ndimawatchajira mafoni pa batire ya thirakitala.

Mu gemu imeneyi muli zilombo zina zamphamvu mopitirira muyeso, zoti munthu amapambana nazo uku akukukuta chimanga ndi dzanja linalo. Tinagwirizana kuziletsa, ndipo ife timati kuzimanga. Mayina ake enieni ndi opinda lilime, ndiye tinazipatsa athuathu: Chamitu, Mlendo wa M'manda, ndi Chidyamwana. Panthawiyo mayinawa ankatiseketsa kwambiri.

Kenako kunabwera Rudo, mtsikana wofatsa wosankha fodya m'shedi. Iyeyu anatulukira kachilombo konga kamba, kosamenya n'komwe. Kamangodzitsekera m'chigoba n'kumadzichiza, iwe ukumenya, ukumenya, mpaka zako zitafa ndi kutopa. Tonse anatimaliza. Anyamata anayamba kujomba, ena anabwerera ku mpira, ndipo ine ndinaona kuti utcheyamani wanga ukutha ndikuyang'ana.

Nzeru inandipeza Lachinayi m'mawa ndikulima. Ndinati vuto si kamba, vuto ndi loti tinamanga zonse zimene zikanaswa chigoba chake. Zimasulidwe, zinthu zilingane! Ndinadzimva wanzeru kwambiri moti ndikudutsa pa chulu paja ndinaimitsa thirakitala, n'kujambula uthenga wa mawu. Ndinachita kukhuthalitsa mawu kuti zimveke zoopsa.

"Anthu anga, ndaganiza mokwanira. Loweruka masana ndimasula zilombo zonse zija tinamanga. Chamitu akutuluka. Mlendo wa M'manda akutuluka. Chidyamwana ndiye ndimugwira ndekha. Amene akudziona kuti ndi mwamuna abwere kuseri kwa mabani. Koma woyamba kudyedwa ndi Rudo. Watizunza mokwanira mwana ameneyu."

Ndinamaliza ndi kuseka kwa pakhosi, kuja kwa hu hu hu. Ndinadina ndi chala changa cha girisi, foni m'thumba, ulendo wa ku munda wa kumtsinje kumene netiweki sinafikeko chilengedwere.

Mu foni mwanga magulupu awiri amakhala moyandikana. Ina ndi ya gemu. Inayo ndi ya komboni yonse, yolengezera maliro, mapemphero ndi kuwonongeka kwa chibhorani, mjigo wathu wa madzi. Muli akapitawo, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, ndi aliyense amene ali ndi foni yotha kuyaka. Sindikuganiza kuti ndikufunika kukuuzani kumene uthenga wanga unapita.

Ndikubwerera masana ndinaona zachilendo. Ana amene amathamangira thirakitala tsiku lililonse anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Amayi amene ankatunga madzi anasiya kucheza. Wina anatola mwana wake pansi n'kumufunditsa chitenje kumaso. Ine ndinawakwezera dzanja monga mwa masiku onse (ndikumwetulira, abale, tangoganizani), koma palibe anabweza.

Kunyumba ndinapeza matiresi ali panja, masutikesi otsegula, mkazi wanga ataima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Chiko, mumazisunga pati?"

"Chiyani?"

"Ndafufuza pansi pa bedi, ndafufuza kudenga. Zaka zonsezi ndimagona ndi zinthu m'nyumba muno?"

Anandiikira foni yake pakhutu. Palibe chinthu choopsa ngati kumva mawu ako omwe akunena kuti udya mwana wa mnzako. Kuseka kwa kumapeto kuja kutafika, ndinangokhala pa matiresi.

Pansi pa uthengawo panali mayankho osatha. Mai Rudo, amayi ake a mtsikana uja, anali atatumiza wawo akulira m'Chishona, kufunsa chimene mwana wawo anandilakwira: "Maiwe, mwana wangu akakutadzirai chii?" Mkulu wa mpingo wathu anaitanitsa mapemphero osala kudya. Wina anati adziwa tsikamutanda wa ku tauni ya Concession, aja ofukula mankhwala m'nyumba za anthu, ndipo akhoza kufika mawa lomwe. Akapitawo analemba mwachidule kuti ndikaonekere ku ofesi Lolemba. Mwina mukuseka, koma ine sindinaseke. Pa komboni nyumba ndi ya famu. Ukatchulidwa kuti ndiwe mfiti ntchito imatha, nyumba imatha, ndipo ukhoza kuthokoza ukatuluka pa geti ndi mano onse. Ndinaona m'maso mwanga ana anga ali pamsewu wa ku Mutare atakhalira katundu.

Ndinathamangira ku chulu kukazimitsa motowo. Ndinalemba kuti, "Abale, musaope, awa ndi masewera chabe." Pasanathe nthawi mayi wina anayankha kuti, "Mwamva? Akuti kudya mwana wa munthu ndi masewera!"

Mungafunse kuti anzanga a gemu anali kuti. Analipo, akuwerenga zonse. Koma ambiri akazi awo amadziwa kuti madzulo amakhala pa ovataimu, ndiye kundiikira umboni kunali kudziulula. Mmodzi yekha anaikapo kankhope koseka mpaka misozi, anthu n'kunena kuti ameneyo ndi wophunzira wanga. Nanga Rudo? Amayi ake ankadziwa kuti akaweruka amapita ku kwaya. Rudoyo ananditumizira mawu kumbali: "Mukoma, pepani, koma mukanditchula ndafa." Ine ndinati mumtima, mwana iwe, nkhani yonse ndi yoti wafa kale.

Ndili pa chulu pomwepo ndinamva wina akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali mmodzi wa osonkhezera moto ku mabani. Sanandiyang'ane kumaso.

"A sekuru Zuze akukufuna ku ng'anjo."

A sekuru Zuze (sekuru ndi agogo m'Chishona) anachokera ku Tete kale kwambiri, ndipo ndi amene amayang'anira moto wochizira fodya. Koma aliyense amadziwa, ngakhale palibe amanena mokweza, kuti gule wa pa komboni pathu ali m'manja mwawo. Anzathu Achishona amati zvigure, ife timati zilombo. Mawu amenewa kwathu ali ndi eni ake, ndipo ine mwana wa mpingo ndinali nditawaiwala eni akewo. Ndili wamng'ono chilombo china chinandithamangitsa mpaka ndinalowa m'khola la nkhumba, ndipo kuchokera pamenepo ng'oma ikalira ndimakumbukira kuti ndili ndi ntchito m'nyumba.

Kuchoka pa chulu kufika ku ng'anjo ndi pafupi, koma ndinapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa, ngakhale la pa chakudya. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, akukankhira chipika cha bulugama m'moto. Sanatembenuke.

"Khala pansi."

Ndinagwada.

"Ndati khala, sindine wansembe. Unameta kuti iwe?"

"Sindinamete, sekuru."

"Sunamete." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Kulibe maliro, kulibe mwambo, ine sindinauze munthu aliyense kuti amange ng'oma. Koma kuyambira m'mawa anthu akundifunsa za zilombo za Loweruka. Ndaoneka ngati chitsiru pamaso pa anyamata anga. Zimenezi ndi zilombo za yani?"

Ndinaloza thumba langa.

"Zili mu foni, sekuru."

Anakankhiranso chipika chija m'moto. Ndinamva chipika chikuthetheka.

"Mu foni."

"Inde, sekuru."

"Zitulutse ndizione."

Ndinatulutsa foni n'kutsegula gemu. Chimene ndinaiwala n'choti mawu ndimawakweza mpaka kumapeto chifukwa cha phokoso la thirakitala. Chamitu anatulukira ndi mitu yake yonse n'kubangula pakati pa mabani. A sekuru anadumpha pa chitsa, chipewa chinagwa. Ine ndinakuwa kuposa Chamitu, foni ndinaiponya m'mwamba, n'kudzipeza ndagona chafufumimba ndikupepesa m'zinenero zitatu. Ndinadziwa kuti basi, ndaopseza munthu amene amaopseza komboni yonse, ndipo ndaona ndi maso anga akudumpha.

Anatola chipewa, anachikuntha, n'kutolanso foni. Anaiyang'ana kutsogolo, anaitembenuza kumbuyo ngati akufuna pamene Chamitu analowera.

"Dzuka. Fotokoza bwinobwino."

Ndinafotokoza zonse: za ligi, za zilombo zimene tinamanga, za kamba wa Rudo, za nzeru yanga ya m'munda. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye kuti mwana wamkazi wakugonjetsani nonse ndi kamba."

"Inde, sekuru."

"Inu n'kuthamangira kukamasula zimene munamanga nokha. Munazimangiranji poyamba?"

"Zinali zoopsa kwambiri."

"Pano zasiya?"

Ndinayang'ana phulusa.

Chigamulo chawo chinali chotere. Iwo akalankhula ndi Mai Rudo ndi akapitawo, ndipo wa ku Concession uja asayerekeze kuponda pa famu. Koma Loweruka ndimasule zinthu zangazo pamaso pa komboni yonse, aliyense aone yekha, chifukwa mantha sachoka ndi mawu. Anawonjezera kuti kuyambira tsiku limenelo ndizizitchula kuti zidole. Ndikunyamuka anandigwira pamkono ndi dzanja lokhakhala ngati khungwa.

"Za chipewa chija, waona chiyani?"

"Sindinaone kanthu, sekuru."

(Ngati nkhaniyi ingawafike, ndikunenetsa kuti inali mphepo.)

Loweruka chulu chinadzaza. Amayi anaima patali, pamalo pothawira bwino. Mkulu wa mpingo anabwera ndi botolo la madzi opempherera. Mkazi wanga anaima kumbuyo kwanga, sindikudziwa ngati kunali kundichirikiza kapena kuonetsetsa kuti ndisathawe. Mai Rudo anagwira diresi la mwana wawo osalisiya. A sekuru anakhala kutsogolo pa chitsa chawo, ndipo atakweza dzanja ngakhale makanda anasiya kulira.

Ndinasankha Chidyamwana, ndipo ngakhale ndinali ndi mantha, mkati ndinkasangalala kuti kamba uja lero aona. Koma Rudo sanabweretse kamba. Ine pomasula ndinkangoganiza za ine ndekha ndili ndi chilombo chachikulu, osakumbukira kuti lamulo likamasula limamasulira aliyense. Mtsikana uja anatenga Mlendo wa M'manda modekha, ngati akusankha tsamba la fodya. Mkulu wa mpingo asanamalize kutsegula botolo lake, Chidyamwana wanga anali atagona chagada, miyendo m'mwamba.

Kenako mayi uja wa pa gulupu anafunsa mokweza, "Basi? Mfiti yake ndi imeneyi?"

Komboni yonse inagwa ndi phwete. Anabwera kudzaona munthu woopsa, anapeza chitsiru. Mai Rudo analulutira, anavina mozungulira mwana wawo, kenako anaima mwadzidzidzi n'kumugwira khutu: "Ndiye kwaya yake ndi imeneyi?" Akapitawo, akupukuta misozi, anandiuza kuti Lolemba ndisavutike kubwera ku ofesi, ndalangidwa kale. Sindinayambe ndasangalalapo chonchija ndi kusekedwa.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma anthu akubalalika a sekuru anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Umadina pati?"

Sabata yotsatira anakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Macheke n'kubwerako ndi foni yawoyawo. Pano sajomba. Amafika pa chulu ndi chitsa chawo, amasankha zidole potengera nkhope imene yawasangalatsa, ndipo amadina mochedwa kwambiri ndi chala chimodzi. Mwana wa sukulu akhoza kuwagonjetsa atatsinzina. Koma mukakhala moyang'anizana, iwo n'kukweza maso pang'ono kukuyang'ana pamwamba pa foni, chala chako chimayamba chokha kuphonya. Ngakhale Rudo, yemwe amatimaliza tonse ndi chilichonse chimene watola, akakumana nawo Mlendo wake amangozungulira m'bwalo ngati wasochera. Chiyambire a sekuru sanaluzepo.

Tsiku lina atapambananso anandiitana.

"Tcheyamani, paja umati ukufuna zinthu zilingane. Zalingana tsopano?"

"Zalingana kwambiri, sekuru."

"Palibe wofunika kumangidwa?"

"Palibiretu, sekuru."

Anyamata akhala akundinong'oneza kuti monga tcheyamani ndikhazikitse lamulo loti ligi ndi ya achinyamata okha. Ndawauza kuti ganizolo ndi labwino zedi, ndipo ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Amene akufuna apite yekha akawauze ku ng'anjo. Ine ndimusungira foni, ndipo akapanda kubwerako ndikaipereka kwa akazi ake.