Malekodi Anga Akupindika, Bwana Wapampando

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Komiti Yoteteza Makhalidwe Abwino ndi Bata mu Mzinda,

Bwana,

Ndagwada, ndipo ndikuomba m'manja. Ine ndine Wilbroad Mulubwa wa ku Chilenje, DJ wa pa kalabu ya Mphezi ku Heavy Industrial Area, ija munaikhoma loko wamkulu sabata yatha. Dzina lanu sinditchula m'kalata muno. Ndinalitchulapo kamodzi, ndipo ndaphunzira.

Ndalemba kuti ndithokoze, pakuti amayi anandilera bwino.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mawu anu a pa wailesi mwezi watha. Munati nyimbo zomwe ndimaika, za hausi ndi tiransi, ndi phokoso lachilendo lopanda mawu ndi mwambo, ng'oma yongoti gu gu gu ngati munthu akukhoma denga. Munatinso ozivina amatsinzina, manja m'mwamba, ngati agwidwa ndi mizimu. Ine kukamwa kunangoti yasa! Ndinauza mkazi wanga Exildah kuti munthu sangafotokoze bwino chonchi atangokhala mu ofesi. Ameneyu anachita kafukufuku.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kafukufukuyo. Loweruka lililonse galimoto lanu limaima kuseri, paja tinkakwezera mabulangeti nyumbayi idakali fakitale, asanaigulitse n'kutiuza kuti tikadzilembe tokha ntchito. Mumalowera chitseko chakumbuyo, chipewa chitafika m'maso. Ba Bernadette, eni kalabu, anachita kukudulitsirani kiyi wanuwanu kuti munthu wamkulu asamagogode ngati wogulitsa makala. Mumakhala pa tebulo la pakona. Kuvina kumayamba ndi phazi, pansi pa tebulo. Kenako phewa. Ndikachotsa ng'oma, nyimbo n'kumakwera pang'onopang'ono, holo yonse ikudikira kuti ng'omayo ibwerere, ndimakuonani bwinobwino: tayi ili m'thumba, maso otsinzina, manja m'mwamba. Ndavinitsa anthu kuyambira masiku omwe ndinkabweza kaseti ndi bolopeni pa maukwati a ku Kabwata, koma wofufuza wakhama ngati inu sindinamuonepo. Thukuta lomwe mwakhetsera mzinda uno, Mulungu yekha ndiye angakubwezereni.

Chachitatu, zikomo pondiphunzitsa ulemu. Loweruka lomaliza lija Ba Norbert, amene amakunyamulirani foni, anakwera pomwe ndimaimirira n'kundivula mahedifoni. Anati Bwana akhumudwa. Abwera miyezi yonseyi popanda kulandiridwa, pomwe wamalonda wamba wa ku Woodlands akangolowa anthu amamuimbira likhweru. Ndinayesa kufotokoza kuti nyimbo zimenezi sitidula, ntchito yanga ndi kulumikiza ina ndi inzake mpaka wovina asamve msoko. Ndinawakumbutsanso kuti tsiku limenelo wailesi yatsopano ija, imodzi mwa zomwe zabwera ndi zipani zambiri, inkaulutsa zonse kuchokera m'kalabu momwemo. Ndinachita kuwalozera waya wake. Ba Norbert anati ulemu sudikira waya, n'kundinong'oneza maudindo anu onse, ndi chenjezo loti ndisadumphe ngakhale umodzi.

Ine ndani kuti ndikane? Ndinatsitsa nyimbo, chinthu chomwe sindinachitepo chiyambire ntchitoyi, n'kutenga maikolofoni. Ndinatchula dzina lanu lonse, uwapampando wanu, ukulu wanu wa mpingo, ndi utsogoleri wanu wa gulu la abambo odziletsa. Mtima utadzaza ndi chiyamiko, ndinaonjezera kuti ndinu mlendo wathu wokhulupirika amene simuphonya Loweruka. Anthu anakuwa mpaka malata kunjenjemera. Inu munaimirira, munavula chipewa, munakweza manja onse awiri, n'kuwerama uku ndi uku. Munkaoneka wokondwa, Bwana. Palibe amene angandiuze zina.

Ndamva kuti wailesiyo imamveka bwino ku Chelstone, komwe kumakhala achiwiri anu a mu komiti. Ndamvanso kuti imamveka bwino koposa ku Kabulonga, komwe Amayi a kunyumba kwanu ankadziwa kuti Loweruka mumakhala ku mapemphero a abambo. Zimenezo si zanga, ine ndimangoona za nyimbo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti Lolemba m'mawa tinapeza loko pa chitseko chakumaso, akuti anansi adandaula za phokoso. Anansi athu ndi nyumba yosungira matayala, fakitale yakufa ya sopo, ndi alonda omwe amavinira pa geti ndi zibonga zawo. Mwina ndi matayala aja anadandaula.

Chachinayi sichothokoza ayi. Pano ndiye ndikulira, ndipo mundikhululukire. Malekodi anga onse atsekeredwa m'katimo. Uno ndi Okutobala, Bwana, ndipo denga ndi la malata, lopanda siling'i, mazenera onse otseka. Lekodi ikatenthedwa imapindika ngati mbale ya pulasitiki yoiwalika pafupi ndi mbaula, ndipo ikapindika basi, singano imangodumpha, palibe wokonza. Malekodi amenewa simungawapeze m'sitolo iliyonse ya mu Cairo Road. Mlamu wanga wochita malonda a ku Joni ankandibweretsera pang'onopang'ono, atawafungatira pamiyendo m'basi ngati khanda, kwa zaka. Ndiwo khasu langa, ndiwo sukulu ya ana anga. Popanda iwo ndine bambo wamkulu wokhala ndi mahedifoni basi. Exildah akuti ndayamba kutukwana dzuwa pamaso pa ana, ndipo sakunama.

Ndinapita ku ofesi kwanu. Alembi anati muli ku msonkhano wa makhalidwe abwino. Ndinabwereranso, anati kiyi wa loko uja ali ndi munthu amene wapita ku maliro ku Luapula. Ba Bernadette anathawira ku Kitwe kwa mchemwali wawo kudikira kuti mphepo idutse, ndipo makiyi awo anapita nawo m'chikwama.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wochepa ngati ine. Sindikupempha kuti mutsegule kalabu. Sindikupempha kuti musinthe mawu anu a pa wailesi, anali okoma. Loko wa komiti akhale pomwe ali, pa chitseko chakumaso, anthu aziona kuti mzinda uli ndi mwini. Koma chitseko chakumbuyo munachiiwala, kapena munachikumbukira bwino, ndipo kiyi yekhayo wotsala mu Lusaka muno ali m'thumba mwanu. Bwerani masana, valani chipewa chija, njira mukuidziwa. Makatoni ndinyamula ndekha. Maikolofoni ndi yozima, waya wa wailesi anachotsa, ndipo ndikulumbira kuti ulendo uno palibe amene adzakulandireni.

Mufulumire pang'ono, Bwana. Lekodi ya chizindikiro chabuluu ija, yomwe imakuvulitsani tayi, ili pamwamba pa katoni yoyamba, kukhoma lomwe limalandira dzuwa lonse lamasana. Ndiyo idzayambe kupindika, ndipo m'Zambia muno mulibe ina.

Ine kapolo wanu wosatchulanso mayina,

Wilbroad Mulubwa
Chilenje, Lusaka