Kaputeni wa kwa Dzoole

Kuno kwa Dzoole, kumene madzi akuya ndi a m'chitsime, tinali ndi munthu woyendetsa sitima yapamadzi pamtunda. Dzina lawo linali a Benjamini Kadzamira, koma mukawaitana choncho sankatembenuka. Ankayankha mukati Kaputeni.

Ali mnyamata anasowa zaka zingapo, n'kubwera ndi chipewa choyera chokhala ndi kakhonde, akuti anali kunyanja, m'sitima yaikulu yoti mudzi wathu wonse ndi mbuzi zomwe ungalowemo malo n'kutsala. Chichewa cha anthu anachisiya komweko. Khomo la nyumba yawo linali doko. Kufika pamalo kunali kukocheza. Ana awo anali amalinyero, ndipo mwana wokodza pamphasa ankamulamula kuti akape madzi sitima isanamire. Mkazi wawo, mai Susana, munthu wofatsa ngati nkhunda, ankawatcha Nangula, ati chifukwa ndi chitsulo cholemera chimene chinawakoleka kumapiri kuno.

Sitima yawo inali ngolo ya ng'ombe ziwiri zoonda. Pakati anaimikapo mtengo wabulugamu, ati mlongoti, n'kumangirirapo chiguduli, ati thanga. Mphepo ikawomba kuchokera kumwera, ankanyambita chala, n'kuchiimika m'mwamba, n'kutiuza ife alimi a fodya kuti lero mwera wavuta, wanzeru asachoke padoko. Anthu ankawapatsa katundu wopita ku Madisi osati chifukwa ngoloyo inali yabwino, koma kuti aseke ulendo wonse.

Ngoloyo inalibe mabuleki. Ikafika potsetsereka, Kaputeni ankakuwa kuti, "Ponyani nangula!" Apo mai Susana ankadumpha, n'kugwira chingwe cha kumbuyo, n'kumakokeka m'fumbi, zidendene zikulima msewu. Akagwa, amuna awo sankacheuka. Ankangouza okwera kuti nangula wa masiku ano ndi wa chitsulo chachabe. Ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Zidendene za mai Susana zinali ndi ming'alu yoti mungabzalemo mtedza.

Kutchalitchi nakonso sankapuma. Tsiku lina mlaliki wochokera ku Mvera anafanizira moyo wa Mkhristu ndi ngalawa yokumana ndi namondwe. A Benjamini anaimirira pakati pa ulaliki n'kufunsa ngati tsigiro la ngalawayo linali lathabwa kapena lachitsulo, pakuti chowongolera chikakhala chathabwa, mlandu ndi wa mmisiri, osati wa Satana. Akulu a mpingo anawanyamula m'khwapa kuwatulutsa, iwo akulengeza kuti akuwaponya m'nyanja popanda mlandu.

Achiyufi, anyamata a chipani aja, okha ndiwo sankawaseka. Atawaimitsa pamsika kuti aonetse khadi lachipani, Kaputeni anati munthu wa pamadzi alibe boma, kwawo ndi kumene mphepo yamufikitsa. Anawakhazika m'matope n'kuwauza kuti apalase mpaka akafike ku Nkhotakota. Anapalasa ndi manja, msika wonse ukuwerengera, ndipo madzulo ake anagula makhadi awiri, lina la ng'ombe.

Chimene chinawathetsa ndi dzinja la 1974. Kunali msonkhano wa chipani ku Madisi, ndipo amai a m'mudzi mwathu anayenera kukavina. Mvula inagwa kumtunda, mtsinje wa pakati pathu ndi msewu waukulu unasefukira, mlatho wamitengo n'kupita. Tcheyamani wa nthambi yathu, a Paulo, anatuluka thukuta mvula ikugwa. Masiku amenewo mudzi wosaoneka pamsonkhano unkafunsidwa mafunso oti oyankha ake ena sankabwerako. Ndiye wina anakumbukira kuti msodzi wina anasiya bwato lakhungwa m'bango, ndipo wina anakumbukira kuti tili ndi Kaputeni.

Anawatenga kunyumba mudzi wonse ukuwaperekeza. A Benjamini anayang'ana madzi ofiirawo akugubuduza zitsa. Anati bwatolo ndi losalembetsa. Anati mphepo ikuchokera kolakwika. Anati nkhafi, chopalasira chija, ndi yaifupi, si ya msinkhu wawo.

"A Kaputeni," anatero a Paulo mwaulemu wonse, "kodi mukukana kuwolotsa amai opita kumsonkhano wa chipani? Ndimve bwino, kuti ndikanene zoona."

Analowa. Anati ayambe ayesa okha. Analowa chammbuyo, atagwira nkhafi ngati mpini wa khasu, ndipo anyamata anakankha bwatolo mosangalala. Linazungulira ngati mbale, linazunguliranso, nkhafi inapita yokha, chipewa chinatsatira. Kenaka bwato linagunda mkuyu umene madzi anauzinga, n'kupitirira ulendo lopanda mwini. Mwini wake anatsala atakumbatira nthambi, miyendo ili m'madzi, buluku litavulidwa ndi mtsinje.

Sindinamvepo anthu akuseka chotero, ngakhale paukwati. Amai ovala nsalu zachipani anakhala pansi m'matope. Anyamata ankawafunsa ngati akocheza bwino, ena ankawalangiza kuti akweze thanga, poti malaya anali nawobe. Ndipo aliyense anaona chimene tinkachiganizira kale: munthuyo sankadziwa ngakhale kusambira.

A Benjamini atatopa, anayamba kuitana mkazi wawo. "Nangula! Nangula, ndithandize!"

Mai Susana anali ataima kumbuyo kwa anthu, manja ali m'chiuno. Sanakweze mawu. "Auzeni kuti nangula sasambira. Amamira."

Mai Susana anawasiya mumtengomo mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anawaponyera chingwe cha ngolo yawo yomwe, ng'ombe zawo zomwe n'kuwakoka, n'kutuluka chafufumimba ngati thumba la manyowa. Msonkhano uja unaimitsidwa chifukwa cha mvula yomweyo, choncho palibe anatifunsa kanthu.

Kuyambira tsikulo a Benjamini anayamba kulankhula ngati ife. Mlongoti anauwaza nkhuni. Tikawapatsa moni kuti Kaputeni, ankati ali bwino, kaya ife. Tinayesa kuwaputa, kuwafunsa za mwera, za kuya kwa nyanja, koma ankangoyang'ana pansi. Tinawakwiyira ndithu, ngati munthu amene watibera wailesi. Anakhala zaka zina zochepa, akuonda, n'kumwalira mwezi wa Febuluwale.

Manda athu ali kumunsi, ndipo mvula inali itagwa sabata yonse. Adzukulu anakumba, madzi n'kudzaza. Anakapa ndi zidebe, n'kudzazanso. Potsiriza anangotsitsa bokosi, ndipo linayandama, n'kutembenuka pang'onopang'ono, mutu kuloza kum'mawa kumene kuli nyanja. Mdzukulu wina ananong'ona kuti ulendo uno ndiye anyamukadi. Nyimbo inaduka pakati. Akulu a mpingo analuma mipango kuti asaseke, ndipo anachita kutsindira bokosilo ndi miyala.

Tsopano kwa Dzoole kuli zii. Ngolo zimangodutsa, woyendetsa akutukwana ng'ombe m'Chichewa wamba. Kuseka sitinasiye, koma timasekana tokhatokha, ndipo kumathera ndewu.

Chaka chatha ndinapeza mai Susana akusenda chinangwa pakhonde, atakalamba. Ndinawafunsa ngati amuna awo anakweradi sitima, kapena ankangosenza matumba padoko, kapena nyanjayo sanaione n'komwe. Anapitiriza kusenda.

"Sindinawafunsepo," anatero. "Munthu anali ndi chinthu chimodzi chokha. Inu munawalanda kumtsinje kuja. Mukufuna ndikupatseninso chiyani?"