Malenzi a Malemu Abambo

Lolemba
Amayi akufuna chithunzi chawo choti chipachikidwe pambali pa cha malemu Abambo. Lamulo ndi limodzi: chijambulidwe ndi lenzi ya Abambowo, osati foni. Ndatsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Muli malenzi atatu, kafungo ka fodya wawo, ndi zopanira thalauza zija ankavala popalasa njinga Kawale yense, kujambula maukwati ndi makanda. Kamera ndabwereka kwa alamu. Sabata ino ndiyesa lenzi iliyonse mwaukatswiri!

Lachiwiri
Ndamata nyuzipepala pakhoma. Lenzi yabwino iyenera kuonetsa zilembo zonse mpaka m'ngodya. Ndikulowa kukatenga mpando, potuluka nyuzi palibe. Aneba akukulungira mandasi.

Lachitatu
Nyuzi ina. Mdadada wonse wamva kuti kamera ya kwa Ajambuli, monga ankawatchulira Abambo, yadzuka. Zomwe ndajambula lero:
ana asanu ndi anayi,
mkulu wa kwaya ali mu suti, dzanja pa wailesi ngati kale,
nkhuku.
Nyuzi ayi.

Lachinayi
Zotsatira. Lenzi yaitali yachita chuku m'kati. Yaifupi yauma gwa, sikuzungulira. Yachitatu, yapamtima pawo ija, ikujambula ngati kuli chifunga. Pagalasi pake pali mafuta. Abambo inu, ukhondo unali kuti?

Lachisanu
Sipiriti, thonje, ola lathunthu. Galasi layera mbee! Nyuzi ikuwerengeka mpaka timalemba ta pansi penipeni. Katswiri ndine, palibenso wina.

Loweruka
Amayi avala diresi labuluu lija ndi duku latsopano. Ndajambula. Zonse zikuoneka: makwinya, imvi, kachipsera ka pachipumi. Ayang'anitsitsa nthawi yaitali.
"Agogo awa ndi a kuti?"
Kenako akutembenukira kwa ine. "Wapukuta mafuta aja eti? Abambo ako ankachita kupaka dala ndi chala, kuti azimayi tizituluka osalala. Komaliza anapaka tsiku lomwe ankajambula ine."


Lamulungu
Ndayesa kupaka ndekha mafuta odzola. Chala changa n'chonenepa, Amayi akutuluka ngati mzukwa. Kachiwiri ngati mizukwa iwiri. Akuti basi ndisiye, tipachika cha makwinyacho, "Abambo akowo adzionere okha zaka zomwe andisiya." Msomali ndakhoma. Kamera ndibweza mawa.
Thonje lija ndakalitola kudzala, ndalikung'untha phulusa, ndaliika m'chitini. Ndawasowa Abambo.