Tsiku limene ndinagwa ndi tambala m'manja

Mpaka lero anthu a kwa Kabudula akandiona amayamba afunsa za tambala, moni pambuyo. Ndinasiya kukwiya nazo. Koma kuli bwino nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa ena akumaithira mchere wambiri, ati ndinafa n'kudzuka.

Ine ndine telala pa Nsaru. Ulusi ndimalowetsa pasingano kamodzin'kamodzi, osaphonya. Koma mungondiimika pagulu kuti ndilankhule, mudzandimvera chisoni. Mtima umagunda ngati chigayo cha dizilo, manja amanjenjemera. Kutchalitchi anandipatsapo mawu kuti ndiwerenge, pepala linkamveka kuposa mwini wakene. (Mayi a kunyumba okha ndi amene ankadziwa kuti ndi mantha. Ena onse ndinkawauza kuti ndi malungo, ndipo malungo akewo ankangondigwira Lamulungu lokhalokha.)

Ndiye Yamikani, mwana wa alongo anga a Naphiri, anapeza mbeta kwa Kabudula, dzina lake Chisomo. Malume ake ndine ndekha, choncho unkhoswe unagwera ine, kothawira kunalibe. Zokafunsira ndinayesetsa, poti tinali anthu anayi m'nyumba. Chinkhoswe ndiye chinandisowetsa mtendere: mudzi wonse, zokuzira mawu, ine pakati nditanyamula tambala. Mayi a kunyumba atatopa ndi kudandaula kwanga anandikokera kuchipatala.

Adokotala sanandiseke, ndipo ndinadabwa. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kuwerenga kugunda kwa mtima, n'kundifunsa ngati ndili ndi mphumu kapena shuga. Nditakana, anandipatsa timapiritsi tating'ono ta dzina lalitali, pulopanololo. Anati sitichotsa maganizo m'mutu, timangouza mtima kuti uziyenda pang'onopang'ono ndiponso manja asiye kunjenjemera. Anati ndimwe kamodzi kokha kutatsala ola kuti ndilankhule, ndidye kaye, ndipo ndisadabwe ndikamva kutopa, chizungulire kapena manja kuzizira. Podzuka ndizidzuka pang'onopang'ono. Anatsindikanso kuti ndiyambe ndakayesa kunyumba tsiku lopanda zochitika. Ine ndinkangoti eya, eya, mutu uli kwa Kabudula.

Kuyesa kunyumba sindinayese. Ndinati mankhwala si jekete yoti munthu n'kuyamba wayesa.

Loweruka la chinkhoswelo kunali dzuwa la Okutobala. Chakudya chinakana kulowa, ndinangomwa piritsi limodzi ndi madzi. Abale anakwera lole, ine ndinasankha njinga kuti ndizibwereza mawu anga m'njira, tambala ali m'dengu kumbuyo. Pachitunda choyamba miyendo inalemera ngati ndamangirira njerwa. Ndinatsika n'kumakankha, ine amene ndimakwera pamenepo ndi thumba la mtedza. Sindinaganize n'komwe kuti ndi piritsi lija.

Nditafika n'kuona chinamtindi cha anthu, mtima unati phaphapha pang'ono. Apa ndi pamene nzeru za utelala zinandipweteka. Ndinati kapiritsi kochepa kuposa nyemba kangakwane bwanji munthu wa saizi yanga? Ndinazemba kuseri kwa nkhokwe n'kumeza ena awiri ndi malovu. Pobwera ndinapeza amayi ake a Chisomo akundidikira ndi thobwa m'kapu yagalasi, yosiyana ndi za anthu ena onse, poti ndine nkhoswe. Ndinagugudiza yonse, alongo anga akuona.

Kunena zoona, mankhwalawo anagwira ntchito. Ndinakhala pakampando kakafupi maola awiri, dzuwa lili pamutu, mtima uli zii ngati si wanga. Ndinayamba kudzimva. A Kachigamba, nkhoswe ya kuchikazi, chimunthu cha mawu osafuna chokuzira, atandigwira chanza anandifunsa ngati ndachokera m'firiji. Ndinaseka nawo, osadziwa kuti akundichenjeza.

Inakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku, ife tipereke tambala iwo atipatse msoti. Atangotchula dzina langa ndinadzambatuka ngati msilikali, tambala ali m'manja, kuti a kwa Kabudula aone kuti ku Nsaru kuli amuna. Ndinaponda kamodzi, kawiri. Nkhope ya a Kachigamba inayamba kutalikira, kenako kunada.

Nditatsitsimuka ndinali chagada pafumbi, malaya ali chinyowere ndi madzi amene anandithira, tambala akulira pamwamba pa khola la mbuzi. Wina ankanena kuti manja azizira kale, wina kuti mtima ukumveka patalipatali. Maso sindinatsegule, manyazi. Ndiye ndinamva mawu a alongo anga, ndipo a Naphiri akayamba sazimitsika.

"Mwamuthirira chiyani m'thobwa mlongo wanga? Kapu yake inali yayokha, ndinaiona ndi maso angawa."

Amayi ake a Chisomo anayamba kulira, akulumbira kuti thobwalo anaphika okha ndipo kapuyo anabwereka kwa aphunzitsi pofuna kundilemekeza. A Kachigamba anati ngati iwo ndi anthu othira anzawo mankhwala, titenge mnyamata wathu ndi tambala wathu tizipita, mwana wawo sakalowa m'banja lomutcha mfiti asanaphike ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Yamikani anali ataima ngati chitsa, Chisomo atadziphimba ndi chitenje mapewa akugwedezeka. Ena a kwathu anali atayamba kale kulowera kulole.

Ndivomere tchimo langa. Ndinaganiza zongogonabe mpaka andinyamule, nkhani ya thobwa ikazizire yokha. Ukwati wa mwana wa mlongo wanga ukutha ine ndikumva, koma chimene chinkandiopsa kwambiri n'choti anthu adziwe kuti bambo wa ndevu zake amaopa kulankhula. Mayi a kunyumba, amene ankandikupiza ndi mpango, anaona diso lija. Anawerama ngati akundipukuta thukuta n'kunditsina khutu.

"Munena nokha, kapena ndinene ine?"

Ndinadzuka, ulendo uno pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pomwepo. Ndinatulutsa kapepala ka mapiritsi m'thumba n'kukakweza m'mwamba.

"Thobwa lilibe mlandu, linali lokoma. Ine ndimaopa anthu. Ndikaima pagulu ndimanjenjemera, si malungo ayi, ndi mantha. Kuchipatala anandipatsa awa kuti ndizimwa limodzi nditadya. Ndamwa atatu ndi njala. Amayi, mundikhululukire, ndakuyalutsani pakhomo panu pomwe."

Woyamba kuseka anali amayi ake a Chisomo, misozi ili m'masaya. Kenako gulu lonse linaphulika. Alongo anga anakagwada kwa amayiwo n'kupepesa, koma diso limene anandiponyera pobwerera ndimalikumbukabe. Azimayi anamugwira tambala uja, a Kachigamba anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, ndipo tinasinthana nkhuku tonse tili chikhalire. Mawu amene ndinaloweza panjinga anathawa onse. Ndinangonena kuti ana awa tawalandira, akakangana abwere kwa ife. Nthungululu zitalira ndinamva ngati anditula thumba la feteleza pamutu.

Nyama ya nkhuku sindinailawe. Mlangizi wa zaumoyo amene anali pagulupo anakakamira kuti andikweze njinga yamoto kupita kuchipatala. Kumeneko anandigoneka mpaka madzulo akuwerenga mtima wanga. Adokotala amene ndinawapeza sanaseke nawo. Anandiuza mosapsatira kuti atatu aja akanatha kuuimitsiratu mtima, ndipo ndithokoze kuti ndangotaya ulemu basi. Ndinachita mantha enieni pamenepo, oposa a pagulu aja.

Patapita sabata ziwiri a Kachigamba anatulukira pakhonde langa ndi buluku loti ndiwapindire. Bulukulo linalibe vuto lililonse. Anadikira kasitomala achoke, kenako anandinong'oneza kuti nawonso mawondo amawombana akaima pagulu, n'chifukwa chake amakuwa chonchija, kuti anthu asamve mawu akunjenjemera. Anapempha kuti ndiwagawireko kapiritsi kamodzi. Pamene ankalankhula m'chifuwa mwawo munkalira mluzu. Ndinakumbukira funso la adokotala la mphumu lija, ndipo ndinawakaniza. Ndinati apite okha akawayeze, ndikhoza kuwaperekeza ngati akuchita manyazi. Anapita akung'ung'udza kuti a ku Nsaru ndi oumira, koma Lachiwiri lake tinapitira limodzi.

Yamikani ndi Chisomo ali ndi mwana tsopano. Paukwati wawo ndinalankhula nditaimirira, nditadya mbatata ziwiri ndi kumwa piritsi limodzi, monga anandiuzira poyamba paja. Mantha sanathe, koma popeza aliyense akudziwa, palibenso choti ndizibisa, ndipo masiku ena ndimaima osamwa kanthu. Podzuka ndimayamba ndagwira bondo, kupuma kaye, kenako n'kuwongoka. Alendo amati a telala a pa Nsaru ndi munthu wodekha, moti chaka chino mabanja awiri andipempha unkhoswe. Ndavomera onse awiri, koma ndawauziratu kuti tambala apeze wina wonyamula.