Mbuzi za Apongozi ndi Belu la Misa

Anthu a ku Madzimoyo andiseke mpaka nthiti ziwawe, koma zopepesa ndiye ayi. Masamu anga sanalakwe.

Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo nthawiyo n'kuti ndikufunsira Tereza. Atate ake, omwe ndi akatekisiti, anali asanavomere (ine ndimawatchabe apongozi, wina afune asafune). Dandaulo lawo linali mbuzi, zinkakana kulowa m'khola madzulo. Ndinati mwayi ndi umenewu, aone kuti mkamwini akubwerayu ndi wamutu.

Ndinali nditawerenga kuti nyama imalimbikira chinthu ukamaipatsa mphotho, ndipo imalimbikira koposa mphothoyo ikamabwera mwa apo ndi apo. Ndinakhala pansi n'kuwerengetsa kuti mbuzi yanjala ingaphunzire msanga motani. Kenako ndinayamba: kuliza belu la njinga, kuponya mtedza m'khola. (Mtedzawo unali wa apongozi omwewo, koma tisalowe m'zimenezo.) Zitazolowera, ndinayamba kumazimana masiku ena. Belu likangoti ngriii, mbuzi liwiro la mtondo wadooka, ndendende monga ndinalosera.

"Aphunzitsi, mwatithandiza," anatero apongozi. Ndinatupa ngati finye.

Chomwe sindinaike m'masamu n'chakuti tchalitchi chili pafupi ndi khola. Lamulungu, Misa ili m'kati, tonse titagwada, kabelu ka kuguwa kanalira. Ndinamva ziboda. Mbuzi zinalowa m'chigulugulu, tonde patsogolo, kudutsa pakati pa kwaya mpaka kuguwa. Posapeza mtedza kumeneko, zinayamba kufunafuna mwini belu. Tonde analowetsa mutu m'thumba la jekete langa, ine ndili chigwadire, mpingo wonse ukuona.

"Aphunzitsi," apongozi anandiitana titatuluka, "ziiwalitseni belu lija. Za Tereza tikamba zikaiwala."

"Atate, zophunzitsidwa mwanjira iyi siziiwala msanga. Masamu akutero."

"Ndiye mudikira limodzi ndi masamu anuwo."

Mpaka lero kuguwa amaomba m'manja m'malo moliza belu. Ine ndimapitabe kwa apongozi. Masiku ambiri sandiyang'ana n'komwe, koma mwa apo ndi apo amandiyankha moni, mwinanso kunditulutsira mpando. Zikatero ndimapalasa njinga kubwerera kwathu ku Chipata mtima uli mbee, mawa lake ndafikanso.

Tereza akuti ine ndi tonde uja sitikusiyana. Anene zimenezo. Kwa ine ndi umboni winanso woti masamu anga ndi olondola.