Dzanja la Mukwa

Nkhaniyi anandiuza ndi amalume anga, malemu baTembo, kalipentala wa ku Kalingalinga. Mulungu awapumitse. Tili ana tinkaopa dzanja lamtengo lomwe linkakhala pa kabati yawo. Nditakula ndinawafunsa za dzanjalo, ndipo anati:

"Mwana wa mlongo wanga, wafunsa nkhani yanga ya manyazi. Khala pansi.

"Zaka zija tinkalawirira pamzere wa ufa, ndinatuluka chotupa apa pamfundo ya dzanja lamanja, chonga dzira la nkhunda. Mantha! Paja baZulu owotcherera zitsulo anachedwa nacho chawo cholimba, chinapezeka khansa, mkono n'kudulidwa. Ndinati nanenso basi. Kalipentala wopanda dzanja adyetsa bwanji ana asanu?

"Ndiye nzeru inandifikira: ndisemeretu lina manja akadali awiri! Ndinatenga mtengo wa mukwa womwe ndinkasungira tebulo lathu. Masabata awiri ndikusema, ndikutengera dzanja langali chilichonse, zikhadabo zomwe.

"Baanti ako anati, 'Batate ake Mavuto, ni vichani ivi?'

"'Sipeya, mkazi wanga. Galimoto siyenda popanda sipeya.'

"'Koyendani chabe kuchipatala, imwe!'

"Ndinapita, sipeya yanga m'thumba. Dokotala anadina chotupacho, n'kuchiunika ndi tochi. Kuwala kunadutsa.

"'Mudala, aka ni manzi chabe, si khansa. Tizachosa na nyeleti. Kakabwela futi, tizang'amba pang'ono.'

"'Simudula?'

"'Tidule chani?'

"Kanthawi kochepa, atabaya ndi singanoyo, kunatuluka madzi onanda ngati therere, chotupa n'kuphwa. Ndinadzuka mwachimwemwe kuti ndiwagwire chanza, thumba n'kupulumuka. Khoo! Dzanja pasimenti, zala m'mwamba.

"Nesi anathawira kukhomo. 'Mayo ine! Ni kwanja kwa ndani uku?'

"Dokotala analitola, kulitembenuza, n'kuyamba kuseka mpaka kutsamira khoma. 'Bakalipentala, mwasema na chotupa chamene!'

"Ndinayang'ana. Zoonadi! Chotupa chili pompo, chosalala bwino, chikunyezimira. Ndinali nditachipaka vanishi kawiri.

"'Ichi chanikanga,' anatero dokotala. 'Opaleshoni yake mukachite mweka na puleni.'

"Sindinachipale. Ndinachisiya kuti chizindilalikira. Mwana wanga, chokuopsa uzipita nacho kwa ochidziwa. Ukakhala nacho pakhomo, udzachipaka vanishi."